August Musarurwa, Mwini Nyimbo ya Chikokeyani

Akuluakulu a kwa Chimaliro ndi a m'midzi yozungulira minda ya tiyi ku Thyolo akumbukira masiku aja amuna ankabwera kuchokera ku Halale ndi ku Bulawayo atasenza sutikesi, njinga ndi galamafoni. Mwa mbale zimene zinkalira pa magalamafoni a nthawi imeneyo munali nyimbo ina ya lipenga yotchedwa Skokiaan. Ambiri anaivina, koma owerengeka okha ndiwo anadziwa dzina la mwini wake, ndiye August Musarurwa. Lero tifuna kuti awerengi athu amve mbiri ya munthu ameneyu.

A Musarurwa anali Mshona wa ku Zvimba, kumadzulo kwa mzinda wa Salisbury, umene tsopano utchedwa Harare. Atatsiriza sukulu anapita kumzindako kukafuna ntchito monga anyamata onse a masiku amenewo, ndipo anayamba ukalaliki pa kampani ina ya fodya. Pambuyo pake analowa upolisi wa British South Africa Police. Poyamba anali womasulira mau pakati pa Azungu ndi anthu akuda, koma kenaka anawasamutsira ku gulu la oimba la apolisi, kumene ntchito yao inasanduka ya malipenga.

Lipenga limene anatchuka nalo ndilo saxophone. Analipanga ndi Adolphe Sax wa ku Belgium, amene analilembetsa kuboma m'chaka cha 1846. Nlachitsulo, lopindika ngati kaliwo, ndipo pakamwa pake pali kabango kopyapyala kamene kamanjenjemera munthu akauzira mpweya. Nchifukwa chake mau ake amafanana ndi a munthu: limatha kudandaula, limathanso kuseka. Anthu akuda a ku Amereka ndiwo analikweza pa maimbidwe ao a jazz.

Atasiya upolisi anakalowa ntchito ku Bulawayo pa Cold Storage Commission, bungwe la boma losunga ndi kugulitsa nyama, nakhala m'komboni ya antchito. Kumeneko anatsogolera gulu lotchedwa African Dance Band of the Cold Storage Commission of Southern Rhodesia. Bulawayo wa nthawi imeneyo anali phala la mitundu: Andebele, Ashona, anthu a ku Northern Rhodesia, a ku Mozambique, ndi athu a ku Nyasaland ambirimbiri ogwira ntchito pa njanji, m'mafakitale ndi m'nyumba za Azungu. Maimbidwe amene anakondweretsa onsewa anali tsaba-tsaba, osakaniza marabi a ku Joni, jazz wa ku Amereka ndi kavinidwe ka kumudzi, banjo ikudula msangamsanga pansi, lipenga likuyenda pamwamba. Liu lija la jazz linafika ndi kwathu kuno, likhazikika pa magulu a banjo zopanga okha. Malemu Alan Namoko, mwana wa ku Thyolo konkuno, anatcha gulu lake Chimvu Jazz Band ngakhale munalibe lipenga.

Tsono m'chaka cha 1947 gulu la a Musarurwa linajambula Skokiaan, ndipo kampani ya Gallo ya ku South Africa inaitulutsa pa mbale. Dzinalo si lachilendo kwa ife, pakuti ndi mowa uja timautcha chikokeyani. Malamulo a nthawi imeneyo ankaletsa munthu wakuda kumwa mowa wa Azungu, ndipo m'tauni mowa wamasese unkaloledwa m'nyumba zamowa za kanselo zokha, phindu lake nkumapita kukanselo komweko. Amayi a m'malokeshoni anayamba kufulula mobisa mowa wopsa tsiku limodzi, kuti uthe apolisi asanafike. Ena ankathiramo zinthu zoipa kuti ukhale waukali, ndipo unaononga matupi ndi mabanja ambiri. Izi akatekisiti athu azidziwa bwino popanda kuuzidwa. Chodabwitsa nchakuti amene anapatsa mowawu nyimbo anali munthu wovalapo yunifolomu ya apolisi omwe ankagubuduza migolo yake.

Zaka zisanu ndi ziwiri zitapita, mu 1954, kampani ya London Records inatulutsa nyimboyi ku Amereka, gululo likutchedwa Bulawayo Sweet Rhythms Band. Inakwera kufika pa nambala 17 pa mndandanda wa Billboard wa nyimbo zokondedwa, chinthu chachilendo ndithu kwa oimba a m'komboni ya nyama. Pomwepo oimba a kumeneko anailanda ngati moto wa m'tchire. Ralph Marterie anaiimbanso nafika nayo pa nambala 3. Tom Glazer anaipekera mau a Chingerezi, ndipo a Four Lads anawaimba. Chaka chomwecho Louis Armstrong, mfumu ya lipenga, anaijambulanso. Bill Haley anatsatira pambuyo pake.

Apa mpamene mbiriyi iwawa. Mau a Chingerezi aja anajambula Afirika wa chisangalalo chokhachokha, osakhudza konse za malokeshoni, za malamulo a tsankho, kapena za mayi wokwirira mgolo pansi. Azungu ambiri anaimba dzina la Skokiaan osadziwa kuti ndi mowa. Ngakhale dzina la mwini nyimbo linalembedwa mopotoka pa mbale, lakuti Msarurgwa. Nyimbo inazungulira dziko lonse lapansi, mwini wake ali ku Bulawayo komweko.

Ulemu unawapeza mu November 1960, pamene Louis Armstrong, pa ulendo wake wa m'maiko a Afirika, anafika ku Southern Rhodesia, masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu awiriwa anakumana maso ndi maso. Armstrong anapatsa mnzakeyo jekete, nawaitana kuti akaone ku Amereka, kumene nyimbo yao inali itawatsogolera kale. Ulendowo sunachitike, chifukwa mu 1962 akazi ao a Musarurwa anamwalira.

Iwo eni anatsikira kulichete m'chaka cha 1968, ndipo anaikidwa kumudzi kwao ku Zvimba.