Mayi Isabella Gardner ndi nyumba ya zithunzi imene mumalira nyimbo

Pa tsamba la mbiri ya anthu otchuka, ulendo uno ndasankha mayi wina wa ku America amene adamwalira kalekale, m'chaka cha 1924. Dzina lawo ndi Isabella Stewart Gardner. Mayiwa sadali oyimba kapena opeka nyimbo ayi. Koma mu mzinda wa Boston adamanga nyumba yosungiramo zithunzi zojambula pamanja, imene kuno timati museu, ndipo mpaka lero m'nyumba imeneyo mumalira nyimbo zamitundumitundu, oyimba ali pomwepo pamaso pa anthu. Ndaona kuti ife okonda nyimbo ndi bwino tiwadziwe.

Mayi Isabella adabadwa pa 14 Abril 1840 mu mzinda wa New York. Bambo awo, a David Stewart, adali olemera chifukwa cha malonda a nsalu. Ali mtsikana adawatumiza kusukulu ku Paris, ndipo kumeneko adapalana ubwenzi ndi mtsikana wa ku Boston dzina lake Julia Gardner. Kudzera mwa mnzawoyo ndi m'mene adadziwanirana ndi mlongo wake, John Gardner, amene anthu ankangomutchula kuti Jack. Ukwati wawo udachitika m'chaka cha 1860, ndipo adakakhala kwawo kwa mwamuna ku Boston.

Chuma chidalipo ndithu, koma maliro sayang'ana khomo. M'chaka cha 1863 adabereka mwana wamwamuna. M'mwezi wa Março 1865 mwanayo adamwalira ndi chibayo asadakwanitse zaka ziwiri. Pasadapite nthawi adapita padera, ndipo madokotala adawauza kuti basi, sadzaberekanso. Amayi amene mudaikapo mwana m'manda mukudziwa bwino kuposa ine m'mene mtima umakhalira. Mayi Isabella adafooka, adasiya kutuluka m'nyumba, mpaka dokotala adalangiza amuna awo kuti awatenge akaone maiko ena, mwina mtima ungabwerere. M'chaka cha 1867 adakwera sitima ya pamadzi kupita ku Ulaya, ndipo adayenda mpaka ku Russia, ku Vienna ndi ku Paris. Pobwerako adali munthu wina, wamoyo.

Kuchokera pamenepo sadakhazikikenso. M'zaka za 1874 ndi 1875 adali ku Egypt, kuyenda pa mtsinje wa Nile. M'zaka za 1883 ndi 1884 adafika ku Japan, ku China, ku Cambodia, ku Java ndi ku India. Kumene afika ankalowa m'nyumba zopemphereramo, kuonera magule ndi kumvera nyimbo za eni dziko. Mzinda umene adaukonda kuposa yonse ndi Venice wa ku Italy, umene misewu yake yambiri ndi madzi. Pakhomo napo sipadakhale zii mpaka kalekale. M'chaka cha 1875 mlamu wawo adamwalira kusiya ana atatu aamuna, ndipo iwo ndi amuna awo adawatenga n'kuwalera ngati awoawo. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ku Boston anthu apamwamba ankawanena kwambiri mayi amenewa, chifukwa sankatsata khalidwe lachete limene ankayembekezera kwa mkazi wa munthu wolemera. Ankakonda masewera ndi mipikisano ya mahatchi, ndipo nyuzipepala sizinkatopa kulemba za iwo. Koma chimene ankachikonda kwenikweni ndi nyimbo. Gulu lalikulu la oyimba ndi zida, Boston Symphony Orchestra, litayamba m'chaka cha 1881, iwo adakhala m'modzi mwa omvera ake okhulupirika. Ankaitana oyimba kunyumba kwawo, ndipo achinyamata ena aluso ankawathandiza ndi ndalama kuti aphunzire nyimbo.

M'chaka cha 1891 bambo awo adamwalira n'kuwasiyira madola 1.75 miliyoni. Masiku amenewo zidali ndalama zoopsa. Apa ndi pamene adayamba kugula zithunzi za akatswiri akale a ku Ulaya. M'chaka cha 1892, pa okushoni ku Paris, adagula chithunzi chotchedwa The Concert chimene adajambula Vermeer wa ku Holland. Pa chithunzicho pali anthu atatu m'chipinda: mtsikana wakhala pa chida chonga piyano, mwamuna watipatsa msana ali ndi chida cha zingwe, ndipo mayi wina waimirira akuyimba. Chisungeni m'mutu chithunzi chimenechi, tikumana nachonso kutsogoloku. M'chaka cha 1896, mothandizidwa ndi katswiri wa zithunzi Bernard Berenson, adagulanso zithunzi zotchuka za Titian ndi Rembrandt. Katundu adachuluka mpaka nyumba yawo idachepa, ndipo iwo ndi amuna awo adayamba kukambirana zomanga nyumba yatsopano yoti anthu onse azidzaoneramo.

Maganizowo asadatheke, pa 10 Dezembro 1898, a Jack adamwalira mwadzidzidzi. Mayi Isabella adatsala wamasiye ali ndi zaka 58, mwana alibe, mwamuna alibe. Wina akadangotseka chitseko n'kumadya chuma chake mwakachetechete mpaka imfa. Iwo adagula malo kudera lotchedwa Fenway, kumene kale kudali dambo, ndipo m'chaka cha 1899 ntchito yomanga idayamba. Wojambula pulani adali Willard Sears, koma kunena zoona mwini ntchito adali mayiwa. Tsiku ndi tsiku ankakhala pomwepo ndi amisiri, kukwera makwerero kuti awaonetse mtundu wa khoma umene akufuna. Kapitawo wawo, wa ku Italy, adali wodziwa kuliza lipenga, ndipo akafuna mmisiri wina ankamuitana ndi lipengalo, mmisiri aliyense ndi kaliridwe kake. Mukuona nokha kuti nyimbo zidalowa m'nyumbamo denga lisadafoleredwe.

Nyumbayo adaimanga motengera nyumba zachifumu za ku Venice. Ili ndi nsanjika zinayi, ndipo pakati pali bwalo lofoleredwa ndi magalasi. Ku Boston nyengo yozizira kumagwa chipale, mitengo imayoyoka masamba, koma m'bwalo limenelo maluwa amakhalamo chaka chonse. Iwo eni ankakhala pa nsanjika yachinayi. Chaka cha 1902 adachithera kukonza m'kati, chithunzi chilichonse, mpando uliwonse, kuika pamalo pamene mtima wawo wafuna. Ndipo m'nyumba yomweyo adamangamo chipinda chachikulu cha nyimbo, chotalika nsanjika ziwiri.

Pali nkhani ina imene imandiseketsa. Asadatsegule ankafuna kudziwa ngati mawu azimveka bwino m'chipinda cha nyimbo muli anthu, koma sankafuna kuti wina aone m'katimo nthawi isadakwane. Tsono adaitana ana a pa sukulu ya osaona ya Perkins kuti adzamvere nyimbo. Anawo adamva nyimbo, mayiwa adamva m'mene chipinda chikuyankhira, ndipo chinsinsi chidasungika.

Usiku wa pa 1 Janeiro 1903 nyumba idatsegulidwa. Alendo atafika sadawatengere ku zithunzi poyamba. Adawakhazika m'chipinda cha nyimbo, ndipo oyimba a Boston Symphony Orchestra adayimba nyimbo za Bach, Mozart, Chausson ndi Schumann. Nyimbo zitatha m'pamene zitseko zidatsegulidwa, anthu n'kuona bwalo la maluwa likuwala ndi nyali, kunja kuli chisanu choluma. Chakudya cha tsikulo chidali madonasi, kutsitsira vinyo wa champagne. Ine ndimati dongosolo limeneli likutiuza maganizo awo onse: munthu ayambe wamva ndi makutu, mtima ufewe, kenako aone ndi maso. Mwezi wotsatira anthu wamba nawo adayamba kulowa pa masiku oikika, polipira dola imodzi.

M'zaka zotsatira m'nyumbamo mudadutsa aluso ambiri. Nellie Melba wa ku Australia, amene mawu ake adatchuka dziko lonse, adayimbamo. Ruth St. Denis adavinamo gule wake wa njoka wotengera za ku India, zimene anthu ena a ku Boston ankaziona ngati zachilendo. Mayi Isabella sankasankha kuti izi n'zapamwamba, izi n'za anthu wamba. M'chaka cha 1914 adalandira chithunzi chachikulu cha bwenzi lawo John Singer Sargent chotchedwa El Jaleo, chimene adachijambula m'chaka cha 1882. Pamenepo pali mayi wa ku Spain akuvina, kumbuyo kwake amuna atsamira khoma akuyimba magitala, ena akuomba m'manja. Ndi gule wa anthu osauka, wa usiku, wofanana ndi m'mene kumakhalira pabwalo ng'oma zikakolera. Pofuna kuchipatsa malo oyenera adagumula chipinda cha nyimbo chija n'kuchigawa. Pansi adaikapo chithunzicho, pamwamba adakonza chipinda china chachikulu chokhala ndi nsalu zoluka m'makoma, chotchedwa Tapestry Room, ndipo nyimbo zidasamukira m'menemo.

M'chaka cha 1919 adadwala matenda oumitsa ziwalo, ndipo kuyenda kudayamba kuvuta, komabe alendo ankawalandira. Adamwalira pa 17 Julho 1924 ali ndi zaka 84, ndipo adaikidwa ku manda a Mount Auburn, pamodzi ndi amuna awo ndi mwana wawo uja.

Kalata yawo ya chuma cha masiye, wilo ija, ndi imene idaonetsa kuuma mutu kwawo. Adasiya madola 1 miliyoni osamalira nyumbayo, n'kulamula kuti ikhale ya anthu onse, aziphunziramo ndi kusangalalamo mpaka muyaya. Koma adaika lamulo lolimba: zinthu zikhale m'mene iwo adaziikira. Oyang'anira akadzasintha, katundu yense agulitsidwe ndipo ndalama zipite ku yunivesite ya Harvard. Tsono taganizani, nyumba imene mpando susuntha, chithunzi sichisuntha, zaka ndi zaka. Ikadatha kukhala ngati manda. Chimene chidaipulumutsa, m'kuona kwanga, ndi nyimbo, chifukwa pa nyimbo lamulo lija silidatseke khomo. M'chaka cha 1927 woyang'anira woyamba, Morris Carter, adayambitsa zoti oyimba azibwera kawirikawiri, ndipo mwambo umenewu ndi wakale kuposa wa museu ina iliyonse ku America. Makoma ndi omwe aja, koma oyimba ndi atsopano, omvera ndi atsopano.

Tsoka lidagwa usiku wa pa 18 Março 1990. Amuna awiri ovala ngati apolisi adagogoda, alonda adawatsegulira, ndipo iwo adamanga alonda awiriwo n'kuwasiya m'chipinda chapansi. Adakhala m'nyumbamo mphindi 81 n'kutuluka ndi zinthu 13 za mtengo pafupifupi madola 500 miliyoni. Pakati pa zimenezo padali chithunzi cha Rembrandt cha namondwe pa nyanja ya Galileya, chimene adachita kuchidula ndi mpeni pa felemu yake, komanso The Concert chija cha anthu atatu oyimba. Mpaka lero sizidapezeke, ngakhale kuti museu idalonjeza madola 10 miliyoni kwa amene angathandize kuzibweza. Mafelemu opanda kanthu adawapachikanso pamalo pake, kudikira.

Akuba adatenga chithunzi cha nyimbo, koma oyimba enieni sadaleke kubwera. M'chaka cha 2006 museu idayamba kugawa mwaulere pa intaneti nyimbo zojambulidwa m'nyumbamo, ngati pologalamu ya pa wailesi, ndipo adaipatsa dzina la chithunzi chobedwacho. M'mwezi wa Janeiro 2012 adatsegula nyumba ina yatsopano pambali, yojambulidwa ndi Renzo Piano wa ku Italy, yokhala ndi holo yotchedwa Calderwood Hall ya anthu pafupifupi 300. M'menemo oyimba amakhala pakati, omvera awazungulira mbali zonse zinayi, pansi ndi m'mwamba momwe, monga timachitira pa gule. Mwayimbidwa nyimbo zakale za ku Ulaya za mavayolini ndi piyano, nyimbo zongopekedwa kumene, jazz, ngakhale hip-hop ya achinyamata. Chaka ndi chaka m'mwezi wa Abril amawachitira Misa m'katchalitchi ka m'nyumbamo pokumbukira tsiku lawo lobadwa, monga adalamulira eni ake. Ndipo aliyense amene dzina lake ndi Isabella amalowa osalipira. A Isabel a m'kalabu muno pepani, chikufunika ndi dzina lathunthu.

Anzanga, mayi amenewa adali ndi chuma chimene ine ndi inu sitidzachigwira, ndipo sindikunena kuti adali mngelo. Adali okonda kulamula, ndipo ambiri amene adagwira nawo ntchito adalawa ukali wawo. Koma chimene ndatolapo ine ndi ichi. Munthu amene adataya mwana ndi mwamuna adatenga zonse adali nazo n'kumanga malo oti anthu osawadziwa azidzakhala pamodzi kumvera nyimbo. Adadziwanso kuti chinthu chokongola ukangochitsekera m'nyumba chimafa, pamafunika anthu amoyo azilowamo ndi mawu awo. Papita zaka zoposa 100 chimwalirire, ndipo mlendo wofika ku Boston angathe kukhala pansi m'nyumba yawo n'kumva munthu akuyimba.

Tikadzakumana pa kalabu tidzakambirane funso ili: mukadakhala inu, mukadaika lamulo loti kanthu kasasunthe, kapena mukadawasiyira otsala kuti achite zimene akufuna? Ine ndili ndi yankho langa, koma ndikufuna ndimve lanu poyamba.