Giovanni Battista Grassi, Munthu Amene Anasiyanitsa Udzudzu

Kwa ambiri a ife udzudzu wonse ndi umodzi. Giovanni Battista Grassi sanaganize motero. Iye anabadwira ku Rovellasca m'dziko la Italy m'chaka cha 1854, ndipo ngakhale anaphunzira udokotala ku Pavia, mtima wake unali pa kufufuza zamoyo.

Chimene chinamzunguza mutu nchakuti m'madera ena udzudzu unali mbwee, koma malungo kunalibe. Tsono anayendayenda m'madambo, nagwira udzudzu ndi kuusanja m'mitundu yake. M'chaka cha 1898, ali ku Rome pamodzi ndi Amico Bignami ndi Giuseppe Bastianelli, anatsimikiza kuti malungo a anthu amafalitsidwa ndi udzudzu wotchedwa Anopheles. Komabe mphotho ya Nobel ya 1902 inapita kwa Ronald Ross yekha, ndipo aŵiriwo anakangana zaka zambiri.

Grassi anamwalira m'chaka cha 1925 funso lina lisanayankhidwe: nanga bwanji kwina Anopheles yemweyo analipo, koma anthu osadwala? Akatswiri a pambuyo pake, poyang'anitsitsa mazira, anapeza kuti umene unkayesedwa mtundu umodzi unali mitundu ingapo yapachibale, yofanana maonekedwe koma yosiyana makhalidwe: ina yokonda magazi a ziŵeto, ina a anthu. M'zaka za m'ma 1960 zinadziŵika kuti Anopheles gambiae wa kuno ku Africa nayenso ndi banja lotere. Motero wolimbana ndi malungo ayenera kuyamba wamdziŵa mdani wake ndi abale ake omwe, monga anachitira Grassi.