Lipenga lomwe linachotsa Louis Armstrong mu msewu

Tikamva dzina la Louis Armstrong ambiri timakumbukira mkulu wa mawu okakala uja, wogwira kampango koyera m'manja, amene anaimba What a Wonderful World. Lero ndati ndikambeko m'mene mkuluyu anaphunzirira kuliza lipenga komanso za anthu amene anamugwira dzanja, chifukwa nkhaniyi ikutikhudza ife amene tsiku ndi tsiku timathamangitsa ana opemphetsa pa makonde a masitolo athu.

Armstrong anabadwa pa 4 August 1901 mu mzinda wa New Orleans ku America, m'dera losaukitsitsa la anthu akuda. Bambo ake anathawa banja iye ali khanda, ndipo sukulu anailekera panjira ali ndi zaka 11. Ankagwira ganyu ku banja lina la Ayuda, a Karnofsky, kutolera zitsulo zakutha ndi kugulitsa malasha pa ngolo, uku akuliza kalipenga ka chitini koitanira makasitomala. Madzulo ankaimba m'misewu ndi anzake atatu kuti anthu awaponyere timakobiri.

Usiku wa pa 31 December 1912, anthu akulandira chaka chatsopano, mnyamatayu anatenga mfuti ya bambo ake omupeza n'kuombera m'mwamba. Apolisi anamugwira ndipo khoti linamutumiza ku Colored Waif's Home, nyumba yosungirako ana akuda opulupudza, yofananako ndi ya ku Mpemba kwathu kuno. Kumeneko kunali bandi ya malipenga, ndipo mphunzitsi wake anali a Peter Davis.

Poyamba a Davis sanamufune mwanayu poganizira mbiri yoipa ya dera lomwe ankachokera. Atamulola kulowa mu bandi, sanamupatse lipenga tsiku lomwelo ayi. Anayamba kamupatsa tambolini, kenaka ng'oma, kuti aphunzire kusunga kugunda kwa nyimbo ndi kumvetsera anzake. Atakhutira naye anamupatsa lipenga la mawu apakati lotchedwa alto horn, kenaka bugle, lipenga la asilikali lija, loti azidzutsira anzake m'mawa ndi kuwaitanira ku chakudya. Pomaliza penipeni ndi pamene anamupatsa cornet, mng'ono wake wa trumpet, ndipo sipanatenge nthawi anamuika kukhala mtsogoleri wa bandi yonse.

Ine ndimaona nzeru mu ndondomeko imeneyi. Lipenga palokha ndi mpope chabe wa chitsulo. Mawu amachokera pa milomo ya woliza, imene imanjenjemera mpweya ukamadutsa. Bugle ilibe mabatani, choncho kuti mawu akwere kapena atsike umadalira milomo ndi mpweya wako basi. Mwana amene wadutsa pamenepo, akafika pa cornet ya mabatani atatu, amakhala atakhwima kale ndipo zala zimangomaliza ntchito. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anatuluka m'nyumbayo mu 1914 n'kubwerera ku ngolo ya malasha, koma tsopano anali ndi luso m'manja. Katswiri wa cornet mu mzindawo, Joe "King" Oliver, anamutenga ngati mwana wake. Armstrong ankatumikira pakhomo pa Oliver, ndipo malipiro ake anali maphunziro. Oliver atapita ku Chicago, malo ake mu bandi ya Kid Ory anatenga ndi mnyamata yemweyu.

Inu ana a sukulu, tamverani apa. Pa nthawiyi Armstrong ankaimba mongomvera ndi khutu, ndipo anthu ankamuombera m'manja ndithu. Komabe atalowa bandi ya Fate Marable, yomwe inkaimba pa sitima za pa mtsinje wa Mississippi, anapeza kuti kumeneko khutu lokha silikwanira. Anakhala pansi, ndipo mnzake woliza lipenga, David Jones, anamuthandiza kuwerenga nyimbo zolembedwa papepala. Ine amene sukulu ya ukachenjede sindinafike nayo kumapeto, mfundo imeneyi imandilimbitsa mtima: munthu ukachoka m'kalasi, kuphunzira sikuthera pomwepo.

Mu 1922 Oliver anamuitanira ku Chicago kuti akhale wachiwiri wake pa cornet. Kumeneko anakumana ndi Lil Hardin, woimba piyano wophunzira bwino nyimbo, amene anamukwatira mu 1924. Mayiyu ndi amene anamukankha kuti aleke kubisala kumbuyo kwa Oliver. Chaka chomwecho anapita ku New York kukaimba ndi Fletcher Henderson, ndipo kuyambira 1925 anayamba kujambula ndi gulu lake la Hot Five nyimbo zimene zinasintha jazz, monga West End Blues ya 1928.

Si zonse zinali zokoma. Pofuna mawu okwera kwambiri usiku uliwonse, ankakanikiza lipenga pa milomo mpaka kung'ambika, ndipo m'zaka za m'ma 1930 anakakamizika kulisiya kwa miyezi ingapo. Aphunzitsi a malipenga atolepo phunziro apa, kuti mwana azidalira mpweya, asamalimbane ndi chitsulo.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti sanaiwale kumene anachokera. Atabwerera ku New Orleans mu 1931 ali wotchuka kale, anakayendera nyumba ija ndi aphunzitsi ake. Ndipo ku Johannesburg, wansembe wa Anglican, Trevor Huddleston, anali atagulira lipenga mwana wina wa sukulu wa zaka 14 dzina lake Hugh Masekela, n'kumupezeranso mphunzitsi kuchokera ku bandi ya malipenga ya mu mzindawo. Mu 1956 wansembeyu atakumana ndi Armstrong ku America n'kumufotokozera za anyamata ake, Armstrong anapereka lipenga lake kuti lipite kwa iwo. Za Masekela sindichita kukuuzani, nyimbo zake mumazidziwa.

Mu 1964, ali ndi zaka 62, nyimbo yake ya Hello, Dolly! inachotsa a Beatles pa nambala wani ku America. Anamwalira pa 6 July 1971 kunyumba kwake ku Queens, mu mzinda wa New York.

Tsono kwathu kuno malipenga timangowamva apolisi kapena asilikali akamaguba, mwinanso ku mipingo ina monga Salvation Army. Alipo madoda amene anapuma ntchito ku mabandi amenewa, luso lili m'mutu, koma alibe wowaphunzira. Aliponso ana ambirimbiri m'misika ya ku Limbe ndi Lilongwe amene tinawaweruza kale kuti ndi mbava. Inu a malonda, mumatha kugula yunifomu ndi chikho cha mpira. Kodi lipenga limodzi la kaunjika, ndi kangachepe kothokozera mphunzitsi Loweruka lililonse, zingakugwetseni bizinesi? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. A Peter Davis sanali olemera, sanalinso otchuka, koma anali ndi malipenga akutha ndi mtima wopirira ndi mwana amene anthu onse anali atamutaya.