Patricia Roberts Harris: mwana wa weta wa m'sitima yemwe adafika pa ukazembe

Kodi munthu akaphunzira n'kukwera, amaiwala komwe adachokera? Funsoli lidamugwera pamaso Patricia Roberts Harris, mayi woyamba wachikuda kukhala kazembe wa dziko la America.

Adabadwa pa 31 May 1924 ku Mattoon, m'chigawo cha Illinois. Bambo ake ankaperekera zakudya m'sitima yapamtunda. Koma mtsikanayu mutu unkagwira, moti adapita ku yunivesite ya Howard mumzinda wa Washington, komwe adamaliza mu 1945 atakhoza mwapamwamba. Sikuti ankangokhalira mabuku ayi. Mu 1943 adali m'gulu la ophunzira omwe adakakhala pansi m'lesitilanti ina yokana kugulitsa chakudya kwa anthu akuda, kukana kutuluka.

Zamalamulo adaziyamba mochedwerapo, atagwira kale ntchito zina. Mu 1960, ali ndi zaka 36, adatenga digiri yake ku yunivesite ya George Washington, ndipo adali nambala wani m'kalasi. Amene mukuti sukulu yakudutsani, mwamva?

Mu 1965 Pulezidenti Lyndon Johnson adamutuma kukakhala kazembe ku Luxembourg, dziko laling'ono la ku Ulaya, ndipo adatumikirako mpaka 1967. Udindowu adaunyadira, komabe sadabise kuti kutchedwa woyamba kudamumvetsanso chisoni, poti kumatanthauza kuti amayi ena akuda oyenera sankaganiziridwa n'komwe.

Mu 1969 adakhala mkulu wa sukulu ya zamalamulo ku Howard, koma adatula pansi udindo patangotha mwezi umodzi, atasemphana ndi mkulu wa yunivesiteyo pa nkhani ya ophunzira omwe ankanyanyala.

Funso lija lidabwera mu 1977, Pulezidenti Jimmy Carter atamusankha kukhala nduna ya zanyumba ndi chitukuko cha m'mizinda. Pomuzukuta ku Senate, William Proxmire adakayika ngati mayi wophunzira komanso wochita bwino chonchi angamvetse mavuto a amphawi. Harris sadachite chibwibwi. Adamukumbutsa kuti iye ndi mayi wachikuda, mwana wa woperekera zakudya m'sitima, yemwe zaka zochepa m'mbuyomo sakadaloledwa kugula nyumba m'madera ena a Washington. Adamuvomereza, n'kukhala mayi woyamba wachikuda kulowa m'kabineti ya America. Mu 1979 adamusamutsira ku unduna wa zaumoyo, maphunziro ndi chisamaliro cha anthu.

Si zonse zidamuyendera. Mu 1982 adapikisana nawo pa umeya wa Washington koma adagonja kwa Marion Barry. Adamwalira ndi khansa ya m'mawere pa 23 March 1985, ali ndi zaka 60.

Madigiri adamulowetsa m'maofesi akuluakulu, inde. Koma pomwe ankamukayikira kuti sadziwa umphawi, sadatchule digiri. Adatchula ntchito ya bambo ake.