Philip Gosse, mkulu amene analowetsa nyanja m'nyumba

Mabanja amene amaweta tinyama ta m'nyanja ya mchere m'mabokosi agalasi pabalaza akutsata mapazi a Philip Henry Gosse, yemwe anabadwira ku Worcester, m'dziko la England, m'chaka cha 1810.

Mkuluyu sanapite patali ndi sukulu. Ali ndi zaka 17 anapita kukagwira ntchito yaukalaliki ku Newfoundland, koma mtima wake unali pa zolengedwa. Atabwerera kwawo anakonda kwambiri ma sea anemone, tinyama tomamatira pamiyala, tooneka ngati maluwa pomwe timanja take ndi toluma ndipo timagwira tinsomba.

Tinyamati sitichedwa kufa madzi akaipa. M'chaka cha 1854 Gosse anatulutsa buku lotchedwa The Aquarium, ndipo anaphunzitsa anthu kuikamo zomera za m'nyanja kuti madziwo azikhala ndi mpweya wabwino, komanso kusakaniza okha madzi amchere ngati nyanja ili kutali.

Apo m'pamene zinavutira. Anthu anakhamukira kugombe ndi ndowa komanso nyundo, n'kumagumula miyala.

Gosse anamwalira m'chaka cha 1888 ku Devon. Mu 1907 mwana wake Edmund analemba modandaula kuti timaiwe ta m'miyala timene bambo ake ankatikonda tinali titasakazidwa ndi anthu otolawo.