Aneurin Bevan, Mwana wa ku Mgodi Amene Anatsegulira Osauka Zipatala

Aneurin Bevan anabadwa pa 15 November 1897 m'mudzi wa migodi ya malasha wochedwa Tredegar, ku Wales. Pa sukulu sanaonetse nzeru konse. Anali wacibwibwi, ndipo pofika zaka 13 anasiya sukulu nalowa m'mgodi monga atate wace. Aphunzitsi amene ali ndi mwana wotere pa benchi la kumbuyo adziwe kuti uyu ndiye anadzamveka ndi kulankhula m'Nyumba ya Malamulo ku London. Anadziphunzitsa yekha ndi mabuku obwereka, ndipo pofunafuna mau ena olowa m'malo mwa aja omkanika pakamwa, anadziwa mau ocuruka.

Anchito a ku Tredegar anali ndi bungwe lao, m'mene ali yense anasonkha pang'ono pa malipiro ace. Tsono akadwala iye, mkazi kapena mwana, dotolo anamuona kosalipira. Bevan anacisunga ici mumtima. Anasunganso imfa ya atate wace, amene anamwalira mu 1925 ndi nthenda ya fumbi m'mapapo, yonga ija yodziwika ku migodi yathu ya mkuwa.

Mu 1929 anthu a ku Ebbw Vale anamsankha awaimire ku Nyumba ya Malamulo. Itatha nkhondo ku Ulaya mu 1945, cipani ca Labour cinapambana ca Churchill pa cisankho, ndipo Clement Attlee anamuika Bevan akhale Nduna ya za Umoyo. Masiku amenewo zipatala zina zinali za makhonsolo, zina zinadalira zopereka za anthu acifundo, ndipo akazi ndi ana ambiri a osauka anangopirira matenda kunyumba poopa mtengo. Bevan anatsimikiza kuti zipatala zikhale m'manja mwa Boma, ndi kuti ndalama zicokere makamaka ku msonkho, kuti wodwala asafunsidwe kanthu pakhomo.

Lamulo linabvomerezedwa mu 1946, koma apa mpamene panayamba mlandu weniweni. Madotolo anaopa kusanduka anchito a Boma olandira malipiro a pamwezi, ndipo mu February 1948 ambirimbiri a iwo anakana kulowamo. Munthu wa ukali wotereyu ambiri anayesa kuti adzawakakamiza; komatu iye anasankha kugonja pa zina. Analola madotolo akuru kuona odwala olipira m'zipatala zomwezo, ndi madotolo a m'midzi kulipidwa monga mwa ciwerengero ca anthu olembedwa kwa iwo. Anzace ena anamdandaula kuti wapereka zambiri, ndipo sanalakwe kweni kweni. Koma popanda madotolo cipatala ndi nyumba cabe. Pa 5 July 1948 National Health Service inayamba, ndipo Bevan anakaonekera pa cipatala ca Park ku Davyhulme, pafupi ndi Manchester.

Anthu anadza unyinji kudzafuna mandala a maso ndi mano oikirira, kotero kuti ndalama zinatha msanga koposa ciyembekezo. Mu 1951, Boma pofuna ndalama za zida cifukwa ca nkhondo ya ku Korea, Hugh Gaitskell anati zinthu ziwirizi zizilipiridwa. Bevan, amene anali atasamutsidwa kale ku unduna wa za Nchito, sanabvomere, natula pansi udindo mu April. Harold Wilson anaturuka naye. Sanakhalenso nduna kufikira imfa yace ndi nthenda ya khansa pa 6 July 1960, ali ndi zaka 62.