Malemu a Paul Ngozi, mwana wa ku Chibolya amene gitala yake ilikulilabe

Nyimbo ya malemu a Paul Ngozi yochedwa Nizakupanga Ngozi inamvekanso pa dziko lonse mu caka ca 2024, pamene woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatengako mbali yake n'kuiika mu nyimbo yake ya Noid. Apo n'kuti papita zaka 35 cimwalilile eni ake.

A Ngozi, amene dzina lao lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, anabadwa mu 1949 ndipo anakulila mu komboni ya Chibolya mu Lusaka. Masiku amenewo magulu oimba m'mahotela ndi m'malo omwela mowa anali kupeza cakudya poimbanso nyimbo za rhythm and blues ndi soul za akatswili monga Otis Redding, Wilson Pickett ndi James Brown. Gulu labwino linali lija lotha kuimba ndendende monga mwini nyimbo. James Brown atabwela kudzaimba mu Lusaka ndi ku Ndola mu 1970, anyamata ambili anayamba kuvina ndi kukuwa monga iye.

A Ngozi mtima wao unali pa Jimi Hendrix, kufikila pa kuliza gitala ndi mano. Anaimbako ku Kenya mu gulu la Musi-O-Tunya, la a Rikki Ililonga, ndipo atabwelela kumudzi anayambitsa gulu la Ngozi Family, m'mene a Chrissy Zebby Tembo anali kuliza ng'oma.

Ca pakati pa zaka za m'ma 1970, mtsogoleli wa dziko a Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zoulutsidwa pa wailesi zikhale za mu Zambia. Kutengela nyimbo za eni kunasiya kupindulitsa. A Ngozi, amene anali atayamba kale kupeka zao, anatulutsa cimbale ca Day of Judgement mu 1976, ndi ca 45,000 Volts mu 1977, m'mene muli nyimbo ija inakafika ku America.

Mau ao sanali osalala, ndipo gitala yao inali yaukali. Koma anali kuimba mu Cizungu ndi mu Cinyanja ca mu tauni za umphawi, mowa, maukwati osokonekela ndi makolo osasamala ana, nkhani zimene munthu wa ku Chazanga, ku Chawama kapena ku Matero azidziwa bwino kufikila lelo. Cimbale cao cina anacicha The Ghetto, kutanthauza komboni.

Anamwalila mu 1989 ali ndi zaka 40 cabe, pa nthawi imene cuma ca dziko cinali citagwa ndipo nyimbo za kalindula zinali zitatenga malo a Zamrock. Mu Kabwata muli mseu wochedwa dzina lao. Kampani ya Now-Again Records ya ku America inasindikizanso Day of Judgement mu 2014.